Mausi ya Abwana Yafa, Bisani Marimoti

M'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wotchi yapakhoma ikaima musathamangire kunena kuti yawonongeka. Itsitseni, muitembenuze. Nthawi zambiri mupeza malo a batire ali pululu. Batirelo silinapite kutali: lili pa desiki ina chapompano, m'mimba mwa mausi yopanda chingwe, ndipo mwini mausiyo ndi amene akutsogolera kudandaula kuti anthu a masiku ano sasamala katundu wa pantchito.

Douglas Engelbart, amene anayambitsa zonsezi ku Stanford Research Institute ku California, sanafune kuyambanitsa anthu. Mausi yake yoyamba inali kabokosi kathabwa ka mawilo awiri ndi chingwe, ndipo pamene ankaonetsa luso lake ku San Francisco mu 1968, palibe anapempha batire. Akalaliki akale amakumbukira mausi ya kampira pansi, imene inkafuna kutsegulidwa n'kupalidwa litsiro ndi chikhadabo. Inali yauve, koma sinkadya kanthu. Kenako mu 1991 kampani ya Logitech inatulutsa Cordless MouseMan, yoyendera mafunde a wailesi, ndipo chingwe chinayamba kuchititsa manyazi.

Lero mlendo safunikanso kuwerenga zolembedwa pazitseko kuti adziwe wamkulu ndani. Wa mausi yopanda chingwe ndi bwana. Wa mausi yachingwe chomata ndi selotepi ndi amene amagwira ntchito.

Kachinthuka kali ndi zifukwa zodyera. Pansi pake pali kanyali ndi kakamera kamene kamajambula pamwamba pa desiki kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kuyerekeza zithunzizo kuti kadziwe kumene dzanja lalowera. Uthengawo umapita pa mafunde a 2.4 GHz kukafika pa kachidutswa kotchedwa dongle kolowetsedwa pa USB. Zonsezi zimafuna moto. Opanga amalonjeza zokoma: Logitech M185 akuti imatha miyezi 12 ndi batire limodzi la AA, M705 zaka 3 ndi mabatire awiri. Abwana amawerenga malonjezowo pabokosi n'kuwasunga mumtima. Chimene sawerenga n'chakuti batire limene opangawo amanena ndi la alkaline, osati miyala ya tochi yotchipa imene mesenjala amagula kwa venda wapakhonde la sitolo kuti chenji chitsaleko cha chiwaya.

Palinso kaswitchi pansi pa mausi, kolembedwa ON ndi OFF. M'tauni muno kamalemekezedwa kwambiri, moti palibe amakakhudza. Mausi ikasiyidwa pa desiki imagona yokha, izo n'zoona. Koma imene yaponyedwa m'chikwama pamodzi ndi laputopu imadzuka pa bampu lililonse, kuchokera ku City Centre mpaka ku Area 25, ikuyesetsa kujambula mkati mwa chikwama, pakati pa tchaja ndi kontena ya nsima.

Imfa yake imasankha tsiku. Kumapeto kwa mwezi, malipiro asanatumizidwe ku banki, kamuvi pa sikirini kamayamba kudumphadumpha, kenako zii. Mwambo wa chithandizo ndi umodzi m'maofesi onse. Amayamba n'kuigwedeza. Amaimenyetsa pa desiki kawiri, mwaulemu. Amaiuzira mpweya pansi. Akatero amachotsa batire, kulipukusa m'manja, kulibwezera chotembenuza, kulichotsanso. Ena amaliyanika pawindo padzuwa, ndipo kunena zoona batire likafunda limatsitsimukako kwa kanthawi, zimene zapatsa mwambowu mbiri yabwino kuposa yoyenera. Madala a ku registry, amene anakulira pa wailesi ya miyala, amalangiza kuliluma. Amene amatsatira malangizowa amaphunzira kuti za m'kati mwa batire zimawononga tizitsulo ta mausi, ndipo m'kamwa sizikoma.

Zonse zikakanika amaitana mnyamata wa IT, amene anathera zaka ku koleji kuphunzira za ma seva. Iye amalowa, kugwira mausi, kuitembenuza.

"Bwana, ndi batire."

"Ayi achimwene, onani bwinobwino. Batire limenelo tinaika dzanadzanali."

"Dzanadzana lake liti, bwana?"

"Nthawi ija tinkakonza bajeti."

Mnyamatayo safunsa kuti bajeti ya chaka chiti. Ali ndi ana kunyumba.

Apa m'pamene nkhani imakoma, chifukwa batire limodzi la AA liyenera kudutsa njira imene galimoto yatsopano imadutsa. Pali fomu yopemphera katundu. Pali siginecha ya mkulu wa nthambi, yemwe ali ku msonkhano ku Mangochi. Amayi a ku stores amayang'ana fomuyo pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mabatire anatha, akudikira fandingi. A zogulagula amafuna makoteshoni atatu, choncho dalaivala amazungulira tauni ndi galimoto ya pantchito kufunsa mtengo wa chinthu chimene akanagula ndi ndalama ya m'thumba la malaya. Mapepala, inki ndi mafuta zikaphatikizidwa, batirelo limakhala litagulidwa kangapo lisanafike.

Ndiye anthu amadzithandiza. Woyamba kuvulidwa ndi wotchi. Kenako rimoti ya TV ya m'chipinda cha misonkhano, kenako ya makina oziziritsa mpweya, moti pofika mwezi wa October akuluakulu amakambirana za chitukuko akudzikupiza ndi mafayilo. Marimoti ambiri amakhala ndi mabatire aang'ono a AAA, koma zimenezo sizinagonjetse munthu. Onse awiri ndi a 1.5 V, ndiye kabatire kakafupika amakapinga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, mausi n'kudzuka.

Akuba mabatire alipo mitundu iwiri. Wamwano amasiya malo opanda kanthu. Woleredwa bwino amaikapo batire lake lakufa, kutseka bwinobwino, ngakhale kupukuta fumbi, kuti mnzake asamve kuwawa kwa kuberedwa koma angoganiza kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umakwezedwa pantchito. Batire limodzi lakufa limatha kuyenda chonchi madesiki onse a nthambi, aliyense akulilandira ndi chiyembekezo n'kulipatsira mnzake mwakachetechete.

Dongle nayo ili ndi maliro akeake. M'mausi zambiri muli kamalo kosungira kachidutswako, pafupi ndi batire, koma ndi ochepa anakaonapo. Kachidutswa kamatsala pa laputopu ya hotelo pambuyo pa wekishopu ya kunyanja, ndipo popeza mausi zambiri zotchipa zimamvera dongle yakeyake basi, yobwerera ku ofesi imakhala yamoyo koma yosamva. Ntchito yake yatsopano ndi kutsendereza mapepala kuti asauluke ndi fani.

Amene amaseka onsewa ndi konsalitanti wobwera ndi Magic Mouse ya Apple, yotchaja ngati foni. Kuseka kwake kumatha moto ukatha, chifukwa kuyambira mu 2015 Apple inaika polowetsera tchaja kunsi kwa mausiyo. Kuti itchajidwe iyenera kugona chagada ngati chikumbu chophedwa ndi Doom, mwini wake akuyang'ana kudenga, ola lake likuwerengedwa m'madola. Desiki yagalasi imene anamukonzera mwaulemu nayonso imasokoneza mausi wamba, chifukwa kakamera sikapeza chojambula pa galasi, motero pansi pa mausi ya mlendo amayalapo lipoti la pachaka.

Tsiku la malipiro lija, abwana amatulukira pakhomo n'kuyang'ana m'chipinda cha akalaliki.

"Asisi, tandibwerekeniko mausi yanuyo, mphindi zisanu zokha."

Asisiwo amagwada pansi pa desiki, kuzula chingwe chawo cha selotepi, kupereka ndi manja awiri. Malipiro amapita. Mausiyo sibwerera, ndipo kuifunsa kungakhale kupanda khalidwe. Choncho amalemba fomu yopempha ina, amadikira masiginecha, ndipo tsiku lina amayi a ku stores amawaitana mokondwa kuti katundu wafika: mausi yatsopano m'bokosi lake, yopanda chingwe, yotchipa. Batire akuti alembere fomu ina.