Atamandike Che Kumbuyo, mwini malamulo a bawo

Amati bawo ndi nkhondo ya anthu awiri, koma bawo la anthu awiri okha ine sindinalionepo. Pitani pa Ntaja tsiku la msika, pa Ulongwe, pa Nselema, kapena pamthunzi uliwonse wa mango pakati pa Liwonde ndi Mangochi Turn-off. Mupeza awiri atakhala pansi, thabwa lili pakati pawo, ndipo kumbuyo kwa mmodzi kwaimirira bambo ena, khosi atalisolola, maso ali pamaenje. Sanaitanidwe. Nkhomo m'manja alibe ngakhale imodzi, komabe thukuta likuwatuluka kuposa amene akusewerawo. Dzina lawo limasintha malinga ndi msika, ndiye ife tingowatcha Che Kumbuyo. Anthu amawanena kuti ngolongolola, ngosokoneza, ngolowerera za eni. Ine lero ndikuwaimira, chifukwa dziko lino lapereka mamendulo kwa oimba, othamanga ndi andale, koma bambo amene asunga malamulo a nkhondo m'mutu kwa mibadwomibadwo, osalandira tambala, palibe anawagulirapo ngakhale kapu ya thobwa.

Kuti mudziwe kufunika kwa bambowa, taonani kaye chintchito chimene anzathu a ku Ulaya amakhala nacho akafuna kumenya nkhondo patebulo. Akuluakulu a ndevu zawo amagula tiasilikali ta pulasitiki tosaposa chala, n'kuchezera usiku kutipaka utoto ndi kaburashi, kenako n'kutindandalika patebulo pomwe aumbapo timapiri ndi mabwinja a tinyumba. Nkhondo zina ndi za timagulu ta asilikali 10 kapena kucheperapo, kulimbirana kamlatho kamodzi. Tsono msilikali wa pulasitiki sayenda yekha, choncho pamafunika buku. Bukulo ndi limene limanena kuti uyu ayende mainchesi angati, mfuti yake ikufika pati, ndiponso ngati chipolopolo chimupeze akabisala kuseri kwa khoma. Amayeza ndi tepi, n'kuponya madayisi kuti adziwe amene wafa. Kampani ya Games Workshop, yomwe likulu lake lili ku Nottingham ku England, idatulutsa Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987, ndipo pofika 2023 malamulo a masewera achiwiriwa anali atalembedwa kokwana ka 10. Akangowalembanso, msilikali amene dzulo ankagwetsa anzake asanu lero akuthawa mbuzi, ndipo mwini wake akagulenso buku lina.

Vuto la buku lidayamba kale. Mu 1824 msilikali wachinyamata wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu ake masewera a nkhondo otchedwa Kriegsspiel, oseweredwa pamapu ndi tizidutswa ta mtovu toimira magulu a asilikali. Akuluakuluwo adawakonda, n'kuyamba kuphunzitsira maofesala awo. Koma malamulo adali ochuluka, masamu ali mbwee, mwakuti nkhondo ya patebulo inkachedwa kuposa ya kutchire. Mu 1876 mkulu wina wa asilikali, Julius von Verdy du Vernois, adati masamuwo ndi madayisi aikidwe pambali, pangoima munthu mmodzi wodziwa zinthu, azinena yekha amene walasa ndi amene wafa. Mwamva? Dziko lotchuka ndi nkhondo lidavutika zaka 52 kuti litulukire Che Kumbuyo. Akadangofika ku Nsanama akadawapeza ataimirira kale.

Mu 1913 mudatuluka zolemba ziwiri. Ku London, H. G. Wells adasindikiza Little Wars, malamulo omenyera nkhondo pansi m'chipinda ndi asilikali a zidole ndi kamzinga ka sipuling'i kolavula tizidutswa ta mtengo, mtunda akuyeza ndi chingwe. Iye ankakhulupirira kuti munthu akalawa nkhondo ya zidole adzaona kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Chaka chotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka. Zolemba zachiwiri zidali za Meredith Sanderson, dokotala wa boma la atsamunda kuno ku Nyasaland, yemwenso adalemba galamala ya Chiyao. Iye adafotokoza malamulo a masewera athu a maenje, bawo lili momwemo, m'magazini ya akatswiri ku London komweko. Adachita bwino kulemba. Koma ndani ku Mpiri kapena ku Phalula adawerengapo? Bawo lapitirira popanda wotsegula tsamba, chifukwa buku lathu limayenda ndi miyendo, limapalasa njinga, ndipo likalakwa limangokweza mawu.

Malamulowo si achibwana. Thabwa lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, nkhomo 64, aliyense zake 32. Kuno timayamba ndi nkhomo 8 m'nyumba, dzenje la makona, ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatana nayo kudzanja lamanja, ndipo 20 zimatsala m'manja kuti zizilowa imodziimodzi. Ku Zanzibar ndi kugombe la nyanja ya mchere, komwe makolo achiyao ankapita ndi minyanga kukasinthana ndi nsalu ndi mikanda, amaika 6 m'nyumba, 22 m'manja. Che Kumbuyo akamva zimenezi amangopukusa mutu kuwamvera chisoni anthu akumeneko. Pakakhala chodya uyenera kudya, sungatakate (kuyenda osadya). Mzere wako wakutsogolo ukauma wafa, ngakhale wakumbuyo uli tho. Za m'manja zikatha mwalowa mtaji, ndipo nkhomo yokhala yokha m'dzenje sinyamulidwa. Ulendo umodzi ukhoza kuzungulira thabwa kangapo, kudya apa, kukayambira kumapeto kwa mzere, kudyanso, mpaka dzanja likagwere m'dzenje lopanda kanthu n'kugona.

Apa ndi pamene pamaonekera luso la bambo athu. Wosewera asanatambasule n'komwe dzanja, iwo ayamba kale kuwerenga. Milomo ikugwedera popanda mawu, chibwano chikuloza dzenje limodzilimodzi, chala chachikulu cha kuphazi chikugundagunda m'patapata. Akaona kuti munthu wawo akufuna kunyamula dzenje lolakwika sanena kanthu, pakuti ndi bambo aulemu. Amangotsokomola. Dzanja likasamukira ku dzenje lina lolakwikanso, chifuwa chimakula. Likafika pa dzenje loyenera chifuwa chimatha pompo, popanda mankhwala. Winayo akadandaula kuti, “Ankolo, tasiyani tisewere tokha,” iwo amadabwa kwambiri: “Ine ndayankhula? Anthuni, ndayankhula ine? Munthu asatsokomole?”

Nanga akuba? Aliyense wodziwa bawo akudziwa kuti dzanja lothamanga limatha kudumpha dzenje, kugwetsa ziwiri pofunika imodzi, kapena kupanira kankhomo pakati pa zala kuti kakatsike kutsogolo komwe kakufunika. Buku la ku Nottingham silingaone zimenezi, lili chitsekere pambali. Che Kumbuyo amaona. “Bwererani, achimwene. Apa panali zitatu, tsopano pali zingati?” Akatero amabwezeretsa thabwa lonse mmene linalili, dzenje ndi dzenje, kuchokera m'mutu. Zoti nthawi zina polibwezeretsa limakomera amene anawagulira chinangwa chokazinga m'mawa, imeneyo ndi nkhani ya anthu ansanje.

Adani awo amanenanso kuti malamulo awo amasinthasintha. Amasinthadi, ndipo kukoma kwake n'komweko. Dzanja likathera m'nyumba uli pakudya, ugone kapena upitirize safari? Lamulo limati usankhe wekha, koma Che Kumbuyo amadziwa kuti munthu ukamusiya asankhe yekha amasochera, ndiye amamusankhira. Akakhala ku Balaka amati, “Kwathu ku Machinga sititero.” Akawoloka baraji pa Liwonde amati, “Ku Balaka, komwe kuli bawo lenileni, sangakuloleni.” Boma lidapatula Balaka ku Machinga mu 1998, koma iwo anali atagawa kale, ndipo malirewo amayenda nawo m'thumba. Mtsutso wa lamulo limodzi ukhoza kuyamba sitima ya malasha ya ku Moatize ikulowa pa Nkaya, mabogi onse n'kudutsa, ina yopanda kanthu n'kutulukira kuchokera ku Nayuchi, iwo akadali pa mfundo yoyamba.

Chachikulu pa zonse n'chakuti sanagonjepo. Akatswiri onse a bawo adagonjapo, ngakhale a ku Zanzibar amene Alex de Voogt wa ku Netherlands adakhala nawo n'kulemba buku la ukatswiri wawo mu 1995. Che Kumbuyo ayi. Womvera malangizo awo akapambana, apambana ndi iwo. Akagonja ndiye kuti sanamvetse. Wina akanyamuka n'kunena kuti, “Khalani apa madala, mutionetse,” amayang'ana dzuwa n'kukweza jumbo ya matemba a ku Chilwa imene ili m'manja: “Ndikadakhala, koma andituma kunyumba, ndikufulumira.” Anawatuma 9 koloko m'mawa. Pano kumzikiti aitana kale mapemphero a madzulo.

Musaseke, udindo umenewu ndiwo wapamwamba pankhondo iliyonse. Mu 1895 asilikali a boma la atsamunda, Asikh ochokera ku India ali m'gulumo, adakwera phiri la Chikala kukagonjetsa mfumu Kawinga. Amene adakhetsa magazi adali okwera phiri ndi olitchinjiriza. Akuluakulu a ku London amene ankalifuna dzikoli sadapondeko pa Chikala, ankangotsokomola ali kutali. Kusiyana kwake n'kwakuti Che Kumbuyo akalakwitsa zimafa ndi nkhomo, ndipo madzulo zonse 64 zimabwerera m'kathumba zili zamoyo.

Amayi akunyumba okha ndi amene sanamvetsebe ukulu wa amuna awo. Iwo amangoona ndiwo zofika nsima itazizira ndi munda wa thonje wosapalira. Koma sayansi ili kumbali ya bambo. Mu 2006 akatswiri atatu a ku Netherlands, mmodzi mwa iwo de Voogt yemwe uja, adasonyeza ndi kompyuta kuti m'bawo muli maulendo ena amene satha: dzanja limangozungulira thabwa, osagwera m'dzenje lopanda kanthu mpaka kalekale. Tsono bambo akafika usiku n'kunena kuti masewera sanathe, mayi asamafulumire kuwatcha abodza. Mwina anakumana ndi ulendo woterowo, ndipo munthu waudindo sangachoke nkhondo ili mkati.

Pali ena akuda nkhawa kuti mtundu wa bambowa ukutha, poti achinyamata ayamba kusewera bawo pafoni, momwe makina amawerenga okha nkhomo, osadumpha dzenje, osapanira kanthu m'zala. Nkhawa imeneyo ndi ya anthu osawadziwa. Pa depoti ya Balaka mnyamata wa kabaza akaweramira foni podikira pasinjala, sipatenga nthawi, paphewa pake pamafika mpweya wofunda. Bambo aja aona kamodzi, aona kawiri, atsokomola, mnyamata osamva. Kenako chala chawo chafika pagalasi: “Iwe, foni yakoyi ikukubera. Anaipanga ndi malamulo a ku Zanzibar.”