Tamandani golide wobwereka

Mwa nzeru zonse zimene okwera ndege anatulukira, palibe yoposa status match. Munthu ajambula khadi lake la golide la kampani ina, atumiza chithunzicho ku kampani yopikisana nayo, ndipo pasanathe masiku ambiri akumutcha bwana kumenekonso, asanapondemo n'komwe m'ndege yawo. Akumpingo amaidziwa kalata ya msamuko, koma iyo imafuna kuti kwakaleko utsanzike. Kalata ya m'ndegeyi ndi yachifundo: umakhala mkulu wa mpingo konse kuwiri.

Makadiwa anabwera kudzalipira kukhulupirika. American Airlines itayambitsa AAdvantage mu 1981, inkafuna kumanga wokwera kuti asamayang'ane kumbali. Kenaka makampani anapanga migwirizano, Star Alliance mu 1997, oneworld mu 1999, SkyTeam mu 2000, ndipo khadi limodzi linayamba kutsegula zitseko zambiri. Wagolide wa ShebaMiles ya Ethiopian Airlines, imene inalowa Star Alliance mu 2011, amakatambalala m'chipinda chopumira cha Lufthansa ku Frankfurt ngati pakhonde pake. Ndiye taonani kukoma kwake: mphotho ya okhulupirika amafulumira kuilandira ndi wosakhulupirika. Amene wapirira zaka ndi kampani imodzi, mapazi akutupa m'mipando ya kumbuyo, amaima mzere umodzi ndi wobwera dzulo amene anangotumiza imelo. Kodi chilungamo choposa apa chilipo?

Makampaniwo nawonso ndi amtima wabwino, makamaka mnzawo akapunthwa. Mu 2023 Delta italimbitsa malamulo opezera ulemu wa Medallion, Alaska Airlines ndi JetBlue zinathamangira kukapepesa olira, makadi ali m'manja. British Airways italengeza kuti kuyambira April 2025 idzayang'ana ndalama zimene munthu wawononga, golide n'kufuna mapaundi pafupifupi 20,000 pachaka, Air France ndi KLM zinagwidwa chisoni, n'kuuza okhumudwawo kuti alipire kangachepe alandire ulemu wofanana kwa iwo. Anthu a nsanje amati kumeneku n'kulanda makasitomala. Ine ndimati n'kusamala amasiye.

Pali kamsampha, inde, koma nakonso n'koyamikika. Makampani ambiri amakubwereka golideyo miyezi itatu kapena inayi yokha, ndipo ukafuna kukhala naye uyenera kuuluka maulendo okwanira nthawiyo isanathe. Apa m'pamene pamaonekera ngwazi. Munthu wamkulu, wa ana ndi ngongole, agula tikiti yopita kumzinda kumene alibe m'bale, alibe msonkhano, alibe ngakhale maliro. Atsika, amwa tiyi pabwalo la ndege, akwera ndege yomweyo kubwerera. Akazi ake akafunsa kuti kunali bwanji, ayankha kuti kapeti wake ndi wabuluu. Watayapo ndalama yeniyeni kuti ateteze chinthu chimene anapatsidwa chaulere, ndipo ameneyo ndiye munthu wodziwa mtengo wa mphatso.

Nanga amapindulanji? Zambiri. Chikwama chowonjezera. Kapepala kowala pa sutikesi, kolonjeza kuti ituluka koyamba, lonjezo limene lamba wa katundu nthawi zina amalilemekeza. Chipinda chopumira chimene tsopano n'chodzaza ndi mabwana anzake obwereka, onse akulondalonda mpando ndi poika chaja, mbale ya masikono itatsala nyenyeswa. Ndege ikachedwa, iye amachedwa mwaulemu.

Koma chisangalalo chenicheni chili pageti. Akaitana a golide, theka la anthu limanyamuka, bwana wathu ali patsogolo, khadi lili poonekera. Adutsa, atsika masitepe, apeza kuti ndege yaima kutali ndipo pakhomo pali basi. Alowa woyamba. Anthu wamba amutsatira ndi zikwama zawo, amukankhira pakona penipeni, chigongono cha wina chili m'nthiti. Basi ikafika pandege zitseko zitseguka, omaliza kulowa aja atuluka oyamba, ndipo wagolide akwera masitepe kumbuyo kwa onse, malo oika zikwama atatha kale.