Za Chikombole cha Maseva ndi Munthu Wofuna Kulandira Malipiro Ali Mtulo

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena, ndipo imene amaitcha ya mumtambo ndi kompyuta ya eni ake yosungidwa m'chinyumba chozizira kutali, imene munthu amabwereka kudzera pa intaneti n'kumalipira malinga ndi nthawi imene yakhala ikuyaka. Kampani ya Amazon inayamba kubwereketsa makompyuta otere mu 2006 pa dzina lakuti EC2, ntchito imene mbali yake yaikulu inakonzedwa ndi akatswiri amene anali ku Cape Town, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pakhala mtundu wa anthu, mlembi wa nkhani ino ali momwemo, okhulupirira kuti tsiku lina adzalandira malipiro ali mtulo.

Chikhulupiriro chimenechi chatsamira pa template, imene ndi fayilo yofotokoza seva yofunikayo, kukula kwake, dera limene ikhale ndi anthu ololedwa kulowamo, kotero kuti pulogalamu ikawerenga imaimika sevayo popanda munthu kudina batani ndi batani. Template ili ngati chikombole cha njerwa, pakuti woumba amavutika kamodzi pochikhoma ndipo njerwa zonse zimatuluka zofanana, koma chikombole chikakhota, uvuni wonse umakhala wa njerwa zokhota. Mwa mapulogalamu owerenga mafayilo otere, Amazon inatulutsa CloudFormation mu 2011, kampani ya HashiCorp inatulutsa Terraform mu 2014, imene imagwira ntchito ndi makampani ambiri obwereketsa maseva, ndipo palinso cloud-init, imene imadzuka seva ikangoyaka koyamba n'kuika mapulogalamu ndi mayina a ogwiritsa ntchito. Mlembi amatchula mayina onsewa mokweza pamaso pa apongozi ake, amene mpaka lero amadziwa kuti mkamwini wawo amakonza mafoni.

Vuto limayambira pa kalembedwe kotchedwa YAML, kamene CloudFormation inayamba kulandira mu 2016 ndiponso kamene cloud-init imagwiritsa ntchito kwambiri. M'kalembedwe kameneka tanthauzo la mzere limadalira mipata yosiyidwa kumayambiriro kwake, ndipo mpata wopangidwa ndi batani la Tab ndi woletsedwa ngakhale kuti m'maso umaoneka chimodzimodzi ndi unzake. Zotsatira zake n'zakuti bambo wandevu zake, amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire, amatha madzulo onse mphuno ili pagalasi, chala chikuyenda pang'onopang'ono, akuwerenga malo amene palibe cholembedwa chilichonse. Mayi a kunyumba akafunsa kuti, "Kodi bambo, mukufunafuna chiyani pamenepo, nsima ikuzizira?" yankho loona ndi lakuti akufunafuna mpata, ndipo yankho limeneli silinawonjezerepo ulemu wa mwamuna aliyense pakhomo pake.

Okonza Terraform, podziwa mtima wa munthu, anaika lamulo lotchedwa plan, limene limaonetsa zonse zimene zimangidwe, zisinthidwe kapena zigwetsedwe, ndipo lamulo la apply silichita kanthu mpaka munthu atalemba yekha mawu ovomereza. Chitetezo chimenechi n'chanzeru, koma chimafuna munthu wowerenga, pamene mlembi amawerenga mndandandawo monga momwe anthu ambiri amawerengera chikalata cha ngongole, kuyambira pamalo osainira. Pulogalamu ilibe chizolowezi chofunsa kuti, "Achimwene, mukutanthauzadi 30 kapena 3?" chifukwa imachita zimene zalembedwa mokhulupirika ndi mwachangu, ndipo maseva onsewo amayamba kuwerengetsa ndalama nthawi yomweyo, m'madola a ku America, ndalama imene aliyense wolandira makwacha amadziwa kusowa kwake.

Palinso nthenda imene akatswiri amaitcha drift, kutanthauza kusiyana kwa zimene zili mu template ndi zimene zili pa seva yeniyeni. Imabwera munthu akalowa pa seva usiku n'kukonza kanthu ndi manja, akudzilonjeza kuti mawa akalemba kusinthako mu fayilo, mawa limene mbiri ya ntchitoyi sinalionepo likufika. Pakapita miyezi template imayendetsedwanso, seva yakale imagwetsedwa n'kumangidwa ina yotsata fayilo, ndipo luso lonse la usiku uja limapita ndi yakaleyo, mwini wake n'kuyamba kufufuza mwaukali amene wawononga zinthu, pamene mu ofesimo wogwira ntchitoyi alipo mmodzi yekha.

Pakali pano maseva a mlembi amadzimanga okha, amadzigwetsa okha ndipo amawonjezeka okha anthu akachuluka, monga momwe mabuku analonjezera. Iye amatchera alamu ya 2 koloko usiku, n'kukhala pamphepete pa bedi atafunda chitenje cha mayi a kunyumba, kuti aone ndi maso ake ngati zonsezo zachitikadi zokha.