Mwarabu wa ku Linga ndi Mdzukulu wa ku Joni

Ku Linga, m'tauni ya Nkhotakota, kuli agogo ena amene salola kutchedwa Mchewa wamba. Tiyi asanapole, mlendo amakhala atauzidwa kale kuti makolo awo anatsika m'chombo cha Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili uja anakhazikika pagombeli m'zaka za m'ma 1840. Chiswahili chomwe agogowa akudziwa ndi "karibu" ndi "asante" basi, koma amachitulutsa ngati chiphaso pachipata. Zoti zombo za Jumbe zinkawolotsa minyanga ndi akapolo amazilumpha ngati chithaphwi, n'kukatera pa mpunga: "Mpunga mukudyawu anabwera nawo ndani?"

Tsono kwafika mdzukulu wobadwira ku Johannesburg. Kumeneko anzake kusukulu ankamutcha kwerekwere, ngakhale Chizulu amachiyankhula ngati madzi. Atangotsika basi, dzina lasintha: tsopano ndi "wa ku Joni". Moni wapereka ataimirira, chipewa chili kumutu, azakhali mpaka kugwira pakamwa.

"Iwe ndiwe Mwarabu," agogo amuuza madzulo, mphuno ili m'mwamba. Mnyamata wadziyang'ana pagalasi la foni, Mwarabu osamupeza. Pamafomu a ku Joni, omwe mpaka lero amafunsabe ngati munthu ndi wakuda, mzungu, mkaladi kapena mmwenye, iye wakhala akuchonga wakuda mosakayika.

Agogo aakazi, akupeta mpunga womwewo, sanadikire kufunsidwa. "Abambo, musamusokoneze mwana. Kuno mwana ndi wa kwa amake." Apa ndiye nkhani yapota. Amake anabadwira ku Harare, kwa mtchona amene anapita kukagwira ntchito nthawi ya Rhodesia, ndipo Ashona ankawanena atchona otere kuti Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Mtchonayo kwawo kunali ku Dwangwa. Ku Blantyre sanapondeko.

Mlandu unakathera kunyanja m'mawa mwake, osati pansi pa mkuyu uja amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Mnyamata anatumidwa usipa. Mayi wogulitsa anayang'ana nsapato, anamvetsera lilime likupunthwa pa "ndi zingati", n'kutchula mtengo wa azungu otsika m'sitima ya Ilala. Iye analipira, kuthokoza ndithu. Agogo aamuna atamva anavala kanzu mothamanga kukaitanitsa ndalama yawo, akukalipa njira yonse m'Chichewa chopanda "asante" ngakhale mmodzi: "Ameneyu ndi mwana wa pompano!"