Ndinaudula mikono mpando wa 366

Mayi wina wa ku Poland amene tinayandikana nyumba ku Dublin, posamuka anandisiyira mpando wakale. Nsalu yake inali itang'ambika, siponji ikuyoyoka ngati gaga. Ndinaulandira ndi manja awiri, koma m'kachipinda kanga sunakwane pakati pa bedi ndi khoma. Ndinabwereka sowo n'kudula matabwa onse awiri otsamirapo mikono, kenako ndinaupaka penti wakuda amene anatsala popenta geti.

Sindinkadziwa kuti matabwa amenewo ndiwo amagwira mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo. Madzulo ena nditangokhalapo, miyendo inatayana, ine n'kugwa chagada, tiyi wamoto n'kunditayikira pachifuwa. Msana unandipweteka kwa nthawi ndithu, komabe chimene chinandipweteka koposa chinabwera pambuyo pake.

Mayi aja anabwera kudzatenga makalata awo, ndipo anapeza zidutswazo pakhomo. Sanakalipe. Anatola thabwa limodzi n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, unalekeranji kundifunsa?" Mpandowo unali wa makolo awo, ndipo anachita kubwera nawo kuchokera kwawo.

Ndi iwo amene anandiuza dzina lake: 366. Anaukonza ndi Józef Chierowski mu 1962, fakitale ya mipando ya ku Świebodzice itapsa ndi moto. Pankafunika mpando wosavuta kupanga ndiponso wosadya matabwa ambiri kuti ntchito iyambirenso msanga. Chierowski anachotsa chilichonse chongokometsera. Anasiya miyendo yowonda yopendekeka pang'ono, pokhala, potsamira msana ndi potsamira mikono basi. N'chifukwa chake pampandowo panalibe thabwa loti munthu angadule popanda kuwononga zonse. M'zaka pafupifupi 20 panapangidwa mipando yoposa 500,000, ndipo inadzaza m'maofesi, m'malo omwera khofi ndi m'nyumba za anthu wamba.

Ulamuliro wa chikomyunizimu utatha ku Poland mu 1989, ambiri anayamba kuitaya kudzala chifukwa inkawakumbutsa zaka za kusowa. Achinyamata ndiwo anaitolanso. Ankapala vanishi wakale, kuika siponji ndi nsalu yatsopano, mpando n'kuwala. Mu 2014 kampani ya 366 Concept inayamba kuipanganso movomerezeka, ndipo lero ikugulitsidwa m'mayiko ambiri. Mayi aja ankayembekeza kuti inenso ndidzangosintha nsalu.

Ndinapita ndi zidutswazo kwa kalipentala. Anazitembenuza, n'kupukusa mutu. Sowo inali itadutsa polumikizira penipeni, ndipo penti anali atalowerera m'thabwa. Anati angathe kusema zina zatsopano, koma sudzakhalanso mpando umene makolo a mayi aja ankakhalapo. Ndinawaimbira foni mayi aja kuwapepesa, ndipo anandikhululukira msanga kuposa mmene ndadzikhululukira ndekha.

Inu amene mumapatsidwa kapena kugula mipando yakale, chonde funsani mwini wake za mbiri yake, ndipo muuonetse kalipentala musanagwire sowo.