Utsi wa ku Kabulonga

Mu Lusaka muli utsi wamitundu iwiri. Wina ndi wa mbaula ya ku Kabwata, umene ukangomata pa malaya munthu amauthamangitsa ndi sopo ndi perefyumu asanakwere basi, kuopa kuti anzake a ku ofesi angadziwe kuti kwawo amaphikira malasha. Wina ndi wa ku Kabulonga. Umenewo umalembedwa pa menyu, umabwera ndi lisiti, ndipo amene wamumata amayenda nawo monyada mpaka Lolemba.

Nkhondo yathu ndi utsi inayamba kale. Atsamunda atasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kudza kuno mu 1935, anadzipatsa mayadi akuluakulu a mitengo yamthunzi, antchito awo n'kuwamangira tinyumba tozungulira taudzu ku Kabwata, tina mwa ito tidakaimabe pa Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road. Chiyambire nthawi imeneyo, kutukuka m'tauni muno kwakhala kumayesedwa ndi mtunda umene munthu wathawa kuchokera pa mafuwa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu, madona a kuseri kwa mipanda ya waya wamagetsi anaphunziranso kupemerera mbaula, koma ankachitira kuseri kwa nyumba, geti ili yotseka. Anthu omwewo lero akuimba foni kusungitsa tebulo kuti akadye nyama yonunkha nkhuni.

Tengani banja ili, Loweruka la kumapeto a mwezi, pa malo ena odyera ku Kabulonga. Woitana ndi mnyamata wa ku banki ina pa Cairo Road, amene amati amakhala ku Woodlands, ngakhale woyendetsa takisi aliyense amadziwa kuti kumeneko ndi ku Chalala. Wabwera ndi amayi ake a ku mafulati a ku Kabwata, ndi amalume ake amene afika dzana pa basi kuchokera ku Katete. Mlamu wake wa ku Chelstone wabwera yekha: wakwera minibasi mu Great East Road, watsikira patali ndithu, kenaka waitana takisi ya Yango ya kamtunda kotsalako, kuti pa geti amuone akutsika mpando wakumbuyo.

Weita anafika ndi kumwetulira kwa munthu wodziwa kuti lero maakaunti ali ndi kanthu.

"Ba boss, lero tili ndi brisket ndi nthiti za nkhumba. Brisket yagona pa utsi maola 12."

"Maola 12?" anadabwa amalume. "Nkhuni zake zinali zaziwisi?"

Mphwawo anakonza kolala, n'kuyamba kuphunzitsa. Kaphikidwe aka, iye anati, n'ka ku Texas. Kumeneko ogulitsa nyama ochokera ku Germany ndi dziko la Czech ndiwo ankaika pa utsi nyama yotsala kuti isawole, n'kumaigulitsa pa pepala. Nyama ya pachifuwa cha ng'ombe ndi yolimba chifukwa ndiyo imanyamula thupi lonse lakutsogolo, choncho amaithira mchere ndi tsabola basi, n'kuisiya pa moto wofatsa wa madigiri pafupifupi 110, mpaka mitsempha itasungunuka yokha. Zonsezi n'zoona, ndipo anazinena mokweza kuti a tebulo loyandikana amve.

"Ndiye kuti ku Texas kunalibenso mafiriji," anatero amalume mokhutira. "Kwathu timati kuwamba. Agogo ako ankaika nyama pa nsanja pamwamba pa moto sabata yathunthu, koma sanaitanepo munthu kuti adzaonere."

Amayi anali chete, maso pa menyu, chala chikutsata manambala a kudzanja lamanja.

"Iwe, brisket imeneyi si yomwe ija ndimagula ku butchala pakati pa mwezi, steki ikandikanika?"

"Amayi, chonde, tsitsani mawu."

Chakudya chinabwera pa thireyi yachitsulo yoyalidwa pepala lofiirira. Mbale panalibe. Amalume anayang'ana thireyi, anayang'ana weita.

"Mwana wanga, mbale zonse zapita kumaliro?"

Amayi anayamba kafukufuku wawo. Kunja kwa nyama kunali bii, ndiye anagamula kuti yapserera. Atadula, anapeza mzere wofiirira pansi pa khungu lakudalo, ndiye anagamula kuti njaiwisi. Wophika wotha kupsereza nyama n'kuisiya yaiwisi nthawi imodzi, iwo anati, mpongozi wotere sangathe sabata pakhomo pawo. Mwana wawo anafotokoza kuti khungu lakudalo ndiye ulemerero wa mbale yonse, ndipo mzere wofiirirawo umabwera ndi utsi wa nkhuni. Amayi anangoti "kaya", n'kutembenukira ku zoperekeza: kabichi waiwisi womira m'mayonezi, minkhaka yowawasa, tchipisi, ndi kagawo ka buledi.

Wina asanalawe, mlamu anaimika onse. Nyama imene inadikira maola 12 pa moto inayenera kudikiranso mafoni. Anaijambula ali chiimire, anaijambula atawerama, anasuntha makiyi a galimoto ya mnzake kuti alowe nawo m'chithunzi, kenaka analemba mawu othokoza Mulungu pa Facebook. Pemphero lenileni la chakudya linali lalifupi kuposa pamenepo.

Onse anayamba kudya kupatula amalume, amene anakhala manja ali pamiyendo.

"A malume, idyani, izizira."

"Ndikudikira nsima."

"Kuno kulibe nsima."

"Yatha?"

"Saphika."

Amalume anayang'ana uku ndi uku, nyumba yodzaza ndi akuluakulu, ena a imvi zawo, ena a matayi, onse akudya ndiwo zokhazokha ngati ana opezeka mumphika amayi awo ali kumtondo. Anapukusa mutu, koma fungo linawagonjetsa.

Brisket siivuta. Imagonja ndi foloko, ndipo munthu angathe kuidya akukamba za mtengo wa kopa kapena za dola osadetsa ndevu. Nkhondo ili pa nthiti. Nthiti inalengedwa ndi chogwirira chake, koma ulemu wa m'tauni umati munthu wa digiri sagwira fupa pagulu. Choncho pa matebulo onse panali ntchito yakalavulagaga: mipeni ikuterereka, mafoloko akukwekwesa chitsulo, nyama yokoma kwambiri, ya pafupa penipeni, ikutsala pomwepo anthu akuiyang'ana ndi maso achisoni. Mtsikana wina amene anauza chibwenzi chake kuti madzulo sadya zambiri anali akudula tinyenyeswa, diso lili pa thireyi ya mnzake. Mlamu analimbana ndi nthiti yake mpaka inalumpha, n'kukagwera pafupi ndi nsapato ya bwana wina. Onse awiri anayang'ana kudenga.

Amalume anapempha madzi osamba m'manja. Anawabweretsera kansalu konyowa m'kapepala, konunkhira mandimu. Anakalandira mwaulemu, anakaika m'thumba la jekete kuti akaonetse azakhali ku Katete, n'kugwira nthiti ndi manja onse awiri. Mphwawo anatsitsa nkhope. Amayi anawagunda ndi phazi kunsi kwa tebulo.

"Alongo, anthu akuona."

"Aone. Nkhumba yake ndi ya bambo awo?"

Chipulumutso chinachokera pa kona. Pamenepo panali mzungu wa kabudula ndi patapata, mwina wa ku bungwe lina lothandiza, amene anali atagwira nthiti mofanana ndi amalume, msuzi utafika m'makutu, akunyambita zala chimodzichimodzi. Bwana wa nsapato uja anamuona. Anaika mpeni pansi pang'onopang'ono, n'kupinda malaya. Tebulo lachiwiri linatsatira, kenaka lachitatu. Posakhalitsa nyumba yonse inali pa ntchito ya manja, mlamu akulengeza kuti ku America ndi mmene amadyera, ndipo iye ankadziwa kale. Dziko linalandira ufulu mu 1964, koma chilolezo chogwira fupa ku Kabulonga chimasainidwabe ndi mlendo. Amalume, amene anayamba zonsezi, palibe anawatchula.

Kwa kanthawi ndithu munalibe bwana kapena wantchito. Munali milomo yonyezimira, mafupa oyera mbee, ndi mtsikana uja wosadya madzulo akuitanitsa thireyi yachiwiri. Ndipo tinene chilungamo: nyamayo inali yokoma. Amayi, atatha magawo angapo a nyama yopserera ndi yaiwisi ija, anavomera kuti wophikayo angathe kukhala pakhomo pawo mwezi umodzi.

Koma walira mvula walira matope. Bilu inabwera m'kabokosi kathabwa, n'kuikidwa pakati penipeni pa tebulo, pamalo opanda mwini. Apa pali mwambo wake. Amuna onse amayenera kugwira m'thumba nthawi imodzi ndi kunena kuti "ayi, siyani, ndi ine", koma luso lili pa liwiro la dzanja. La mlamu linalowa m'thumba lolakwika, linatuluka, linalowa lina, ndipo lisanafike lachitatu foni yake inalira popanda wina kuimva. Anatuluka akuti "halo, halo". Woitana anapereka khadi, n'kuyang'anitsitsa kamakina, milomo ikugwedera. Kamakina katavomera, anapuma mpweya umene anausunga kuyambira pa geti.

Amayi anali atasuzumira kale. Iwo ndalama amaziwerenga m'matumba a ufa wa breakfast a makilogalamu 25, ndipo zala za dzanja limodzi zitatha anasiya. Amalume amawerenga m'mbuzi.

"Mphwanga, ndalama imeneyi ukanatipititsa ku michopo ku Chilenje, bwenzi tadya ife, woyendetsa basi ndi kondakitala wake, n'kutsala ya Mosi."

"A malume, kuno timalipira malo ndi mpweya wake."

"Mpweya ndauona. Ndi womwe umatitulutsa misozi kukhitchini kwa azakhali ako, ulere."

Weita atayamba kuchotsa mathireyi, amayi anagwira m'mphepete mwa imodzi. Pa pepala panali mulu wa mafupa, tina tidakali ndi kanyama, ndi khungu lakuda lija limene mawa likanasandutsa mphika wa nyemba kukhala wa Khirisimasi. Koma mayi wa mwana wa ku banki sangapemphe mafupa ku Kabulonga. Pali njira yake yovomerezeka, ndipo aliyense m'tauni muno amaidziwa.

"Mwananga, timangire timafupati. N'ta galu."

Weita, amene kwawo ndi ku Mtendere kuseri kwa mipanda ya ku Kabulonga, anamanga mosamala, anaonjezamo kabichi wotsala ndi buledi, osafunsidwa. Popereka phukusilo anafunsa mwaulemu wonse, nkhope ili phee.

"Mami, galu wake ndi wamkulu?"

"Wamkulu ndithu," anayankha amayi akulowetsa phukusi m'chikwama. "Chaka chino akulemba Grade 12."