Galu Wamkota Sakandira Pachabe: Za Ekizozi Yofiira pa Galimoto Zakale

Mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe adaupeka anthu amene sadaoneko galimoto, komabe umalongosola khalidwe la galimoto zakale momveka bwino kuposa mabuku ena a m'magalaja. Mkota ndi galu amene wakula mpaka kubereka kangapo, ndipo akayamba kufukula dothi, alenje amadziwa kuti pansipo pali kanthu, chifukwa pa msinkhu wakewo alibenso mphamvu zotaya pa masewera. Peugeot 504, imene idayamba kupangidwa mu 1968, kapena Volkswagen Beetle, imene yomaliza idatuluka m'fakitale ya ku Puebla ku Mexico mu 2003, nthawi zambiri ilibe kompyuta yoti itchule dzina la matenda ake, choncho imadandaula ndi phokoso, fungo ndi kutentha. Ekizozi, ndiye kuti paipi yotulutsa utsi wa injini, ikafiira psu, mkotayo wayamba kukanda.

Si kutentha konse kumene kuli matenda. Utsi wa injini ya petulo imene ikukoka katundu pa chitunda umatha kupitirira madigiri 800, ndipo John William Draper adasonyeza mu 1847 kuti chinthu cholimba chimayamba kuoneka chofiira mumdima chikafika madigiri pafupifupi 525. Motero manifodi, chitsulo chanthambi chimene chimasonkhanitsa utsi wa masilinda onse, ikhoza kufiirira pang'ono usiku galimoto itakwera phiri popanda cholakwika chilichonse. Koma ikamafiira masana, galimoto itangoima injini ikulira pang'onopang'ono, mlandu ulipo. Oyeza ndi chala amapeza yankho lolondola, kungoti chala chilichonse chimayeza kamodzi kokha. Odekha amagwiritsa ntchito kachipangizo koyeza kutentha chapatali, n'kuyerekeza nthambi zonse, pakuti nthambi imodzi yokha ikasiyana ndi zinzake vuto lili m'silinda imeneyo, pamene zikapsa zonse mofanana vuto ndi la injini yonse.

Eni galimoto ambiri akafika apa amayamba kumenya galu. Wina amathira madzi pa manifodi, imene pokhala ya chitsulo chosungunula ikhoza kung'aluka nthawi yomweyo. Wina amaikulunga ndi nsalu yosapsa kuti kufiirako kusaoneke. Wina amagula sailensa yonyezimira n'kumayenda monyada ndi matenda ake omwe aja. Chimene onsewa amaiwala n'chakuti ekizozi siyatsa moto, imangolandira umene yatumiziridwa, ndipo mbewa imene galu akuinunkhiza pa una uwu kawirikawiri imakhala itagona kutali, ku mapeto ena a njira.

Malo oyamba kufufuza ndi taimingi, ndiye kuti nthawi imene pulagi imathetheka kuti iyatse mafuta. Popeza mafuta satha kupsa m'kuphethira kwa diso, moto umayenera kuyatsidwa pisitoni isanafike pamwamba penipeni, ndipo injini ikamathamanga kwambiri motowo umayenera kufulumiranso. Pa galimoto zakale ntchito imeneyi ndi ya distributor, mmene muli tizitsulo tiwiri tolemera tomangidwa ndi masipuling'i, timene timatambasuka liwiro likakwera. Tizitsuloti tikachita dzimbiri n'kukakamira, kapena mapointi, timilomo timene timatseka ndi kutsegula magetsi, akaperepeseka mpaka mpata wake kuchepa (pa Beetle mpatawu umayenera kukhala mamilimita 0.4), moto umachedwa. Moto wochedwa umapeza pisitoni itanyamuka kale, ndipo vavu yotulutsa utsi ikamatseguka umakhala usanathe kuyaka, choncho umakamalizira m'manifodi ntchito imene udalembedwera m'silinda. Galimoto imafooka, imamwa mafuta mosadziletsa, ndipo mwini wake poona kufookako amaponda moto mwamphamvu, zimene zimangowonjezera kufiira kuja. Mphamvu imene adalipira pa pampu ya petulo imathera kuwotcha penti ya boneti.

Malo achiwiri ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya. Petulo amapsa bwino lomwe magawo 14.7 a mpweya akakumana ndi gawo limodzi la mafuta poyeza kulemera, ndipo mafuta akachulukirapo pang'ono amathandiza kuziziritsa utsi. Akachepa kwambiri, kaya chifukwa kabowo kena m'kabuleta katsekeka ndi litsiro, kaya gasiketi yang'ambika n'kumalowetsa mpweya wosaitanidwa, moto umayaka mozengereza ndipo umatulukanso usanathe. Mapulagi ndiwo mboni: oyera mbuu amasonyeza njala ya mafuta, akuda bii amasonyeza kususuka, pamene ofiirira ngati khofi wamkaka amasonyeza kuti zinthu zili m'malo. Nkhaniyi imakhudza kwambiri eni galimoto a ku Malawi, kumene petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira mu 1982. Ethanol amafuna magawo 9 okha a mpweya, kotero kabuleta imene idatcheredwa ku Ulaya poganizira petulo wosasakaniza imapereka chakudya chochepera pang'ono, ndipo ilibe nzeru zodzikonza yokha monga zimachitira injini zamakono.

Pali mavavu nawonso. Vavu yotulutsa utsi imazizira makamaka pa kanthawi kamene yakhala pa mpando wake itatsekeka, ndipo mpata wake ukachepa sikhalanso bwino, moto umadutsa m'mbali mwake n'kuidya. Kale mtovu wa m'petulo unkateteza mipando imeneyi, koma mayiko a kum'mwera kwa Sahara adasiya petulo wamtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo pa injini zina zakale mipando yofewa imalowa m'kati pang'onopang'ono mpaka mpata kutha. Beetle, imene imazizira ndi mphepo osati madzi, imafuna mpata wa mamilimita 0.15 injini ili yozizira, ndipo pa zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1971 silinda yachitatu ndiyo inkayamba kupsa, chifukwa choziziritsira oyilo chidaikidwa pa njira ya mphepo yake.

Nthawi zina mwambiwu umakwaniritsidwa mopanda kuphiphiritsa konse. Galimoto imene yakhala zaka pansi pa mtengo ikudikira kuti mwini wake apeze ndalama imasanduka mudzi wa makoswe, amene amamanga zisa za nsanza ndi mapepala m'sailensa, kapena pamwamba pa masilinda a Beetle pamene mphepo imayenera kudutsa. Utsi ukasowa potulukira umaunjikana kumbuyo, galimoto imalira bwinobwino itaima koma imabanika ikangoyamba kuthamanga, ndipo makaniko amene watha masiku awiri akutembenuza kabuleta amadzapeza kuti galu uja ankanena mbewa yeniyeni, ya mchira ndi ana ake.

Ndondomeko imene amakaniko odziwa injini zotere amatsata imayamba ndi mavavu injini ili yozizira, kenako mapointi, kenako taimingi, ndipo kabuleta imakhudzidwa pomalizira, chifukwa kuitchera zinazo zili zolakwika kumangobisa vuto limodzi ndi linzake. Eni galimoto ambiri amayamba ndi kabuleta pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti ndiyo ili pamwamba ndipo sikuludiraiva imafikapo mosavuta. Zonse zitatu zoyambazo zimatheka m'mawa umodzi ndi zida zokwana m'thumba laling'ono, pamene vavu imene yapsa mpaka mutu wake kuduka imagwera m'silinda, n'kuboola pisitoni, ndipo injini yonse imayenera kutsitsidwa.